Kanyali ka Mpando wa Kumanzere

Sendezani mbaulayo pakati, mphepo ya ku Dedza siona nkhope. Inu amene kanyali kakayaka pa dashibodi mumangomatapo tepi yakuda n'kumapitiriza ulendo, khalani kufupi kuno, nkhaniyi ndi yanu. Ndi ya mnzathu Lufeyo Kamtedza, katswiri wa zamagetsi a galimoto uja ali ndi galaja ya malata kuseri kwa msika. Munthu ameneyo akagwira waya mumachita kuona ngati wayayo akumunong'oneza pomwe pakupweteka.

Pa tinyali tonse ta pa dashibodi, kamene Lufeyo sankafuna kuti munthu aseweretse n'ka eyabagi, kofiira kaja, kojambulidwa munthu atakhala pampando, chibaluni chili patsogolo pake. Eyabagi ndi thumba la mpweya limene limafufuma pa ngozi kuti mutu usakamenye chiwongolero. Aliyense wobwera ndi galimoto ankalandira ulaliki umodzimodzi, kaya wafunsa kaya sanafunse.

"Mukatembenuza kiyi, kanyaliko kayenera kuyaka masekondi asanu ndi limodzi, galimoto ikudzifufuza yokha, kenako kazime," ankatero. "Kakapanda kuyaka n'komwe, dziwani kuti wina anazula babu kuti akupusitseni pogula. Kakayaka osazima, ndiye kuti matumba onse agona tulo. Mukagunda mtengo, eyabagi ikhala mphumi yanuyo."

Ndipo anali ndi lamulo lake, lodziwika kwa aliyense: wa m'banja mwake sakwera galimoto imene kanyaliko kakuyaka.

Akazi ake, aNachisale, anali mphunzitsi wa ana aang'ono, mayi wamfupi, wathupi, woseka ndi mapewa. Anadwala miyezi isanu ndi iwiri mpaka zovala zonse zinawakulira. M'mawa wina wa Julaye, kukuzizira koopsa, Lufeyo anawanyamula n'kuwakhazika pampando wa kumanzere wa kagalimoto kawo kotuwa ka ku Japan, ulendo wa ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Anawagonekera mpando chambuyo, anawafunditsa chitenje cha maluwa obiriwira, n'kutsitsa galasi pang'ono, mpata wa chala chimodzi, chifukwa mayiwo ankachita nseru m'galimoto yotsekedwa. Atawoloka Linthipe, aNachisale anatembenuza mutu.

"Bambo a Sungeni, ndigoneko pang'ono. Mundidzutse tikafika."

"Gonani, ndikudzutsani."

Atafika pachipatala, anamwino anatsegula chitseko, mmodzi anagwira pakhosi, n'kuyang'ana mnzake. Lufeyo sanafunikire kuuzidwa. Anangokhala pansi, pa simenti, msana atatsamira tayala.

Maliro anayenda mwa mwambo wake. Bokosi linakwezedwa pa lole kupita kwawo kwa aNachisale, kuseri kwa phiri la Nkhoma. Mchimwene wawo, a Filimoni, anakhala pambali pa bokosilo njira yonse, akuliuza mlatho uliwonse monga timachitira, kuti womwalirayo asasochere kapena kukana ulendo. "Chemwali, tikuwoloka Nanjiri. Chemwali, takhota, uwu ndi msewu wakwathu." Lole sinavute ngakhale pamodzi, ndipo anthu anayamikira kuti malemuwo apita ndi mtima woyera.

Kagalimotoko Lufeyo anabwera nako ku Dedza, anakaimika kuseri kwa nyumba, n'kukafunditsa lona. Miyezi khumi ndi umodzi ankapita ku galaja wapansi. Ogula anabwera, iye n'kuwabweza. Sankafuna kukayendetsa, sankafunanso kukasiya. Ankawasowa akazi ake kwambiri, kusowa koti munthu umafika pakhomo n'kuyamba kunena nkhani ya kuntchito usanakumbuke kuti womvera palibe.

Chimene chinavundukula lona ndi Sungeni, mwana wawo mmodzi yekhayo. Mwamuna wake anali ku Joni, iye ali ndi pakati potopa, ndiye anabwera kudzadikirira kwa bambo ake. Tsiku lake likadzakwana, woti adzathamange naye ku chipatala anali Lufeyo, ndipo galimoto inali yomweyo. Choncho Loweruka lina m'mawa Lufeyo anachotsa lona, anaika batire yatsopano, n'kutembenuza kiyi. Tinyali tonse tinayaka, tinazima kamodzikamodzi. Iye anawerenga mumtima mpaka sikisi, anafika khumi, anafika makumi awiri. Kofiirako kanangoti phee, kumuyang'ana.

Sanadabwe. Galimoto yokhalitsa pansi pa lona imakhala nyumba ya makoswe, ndipo makoswe amakonda waya kuposa mtedza. Anamasula batire, n'kudikira mphindi zingapo kuti magetsi otsalira athe, chifukwa eyabagi ukaigwira mopupuluma imakuphulikira kumaso. Anadzutsa mpando wa kumanzere, umene unali chigonere kuyambira tsiku lija, anaukankhira kumbuyo, n'kugwada. Pansi pa mpando pamakhala pulagi yachikasu, ndipo pa magalimoto khumi obwera ndi vutoli, asanu ndi awiri amakhala kuti pulagiyo yakhwefuka. Anaizula, anaipukuta, anaibwezera mpaka inalira kuti kha. Anatsata waya yense ndi chala. Panalibe polumidwa ngakhale pamodzi.

Anakweza magalasi onse, anakhoma, n'kupita kukamwa tiyi. Pobwerako anapeza mpando wagonanso chambuyo, galasi la kumanzere latsika mpata wa chala chimodzi.

"Sipuling'i ya mpando yatha mphamvu," anadziuza yekha. Za galasilo sanadziuze kanthu.

Lolemba anapita nako ku galaja n'kukalumikiza pa kamakina kake ka kompyuta, kamene kamawerenga madandaulo a galimoto. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Lufeyo anali wodekha. Anayang'ana waya wozungulira wa m'chiwongolero, anali bwino. Loko wa lamba, bwino. Mafyuzi, bwino. Kamakinako kanaloza chinthu chimodzi chokha: sensa ya mpando wa kumanzere. Imeneyi ili ngati sikelo yobisika pansi pa siponji, imene imauza galimoto ngati pampando pali munthu, ndiponso ngati ndi wamkulu kapena mwana. Lufeyo anakagula ina kwa ophwasula magalimoto, anasenda mpando wonse, anaisintha, anabwezera nsalu bwinobwino moti simukanadziwa kuti panagwiridwa.

Sensa yatsopano imafuna kuiphunzitsa kaye kulemera kwa mpando wopanda kanthu. Ndi ntchito ya mphindi imodzi. Lufeyo anadina batani. Kamakinako kanaganiza, kenako kanalemba kuti ntchito yakanika, ayambe wachotsa katundu ali pampando.

Anayang'ana pampando. Panalibe ngakhale sipanala.

Anadinanso, yankho lomwelo. Ndiye anatsegula tsamba limene limaonetsa zimene sensa ikumva nthawi yomweyo. Panalembedwa makilo 64. Anazula sensayo n'kubwezera yakale ija: 64. Anasanjika dzanja lake pampando n'kukanikiza, nambala inakwera kufika 70. Anachotsa, inabwerera pa 64. Siponji inali yozizira, koma osati kuzizira kwa chitsulo kapena kwa nsalu. Anapukuta dzanjalo pa ovololo, ngakhale silinanyowe, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono monga mmene umatsekera chipinda cha wodwala.

Madzulo ake, Sungeni ali kukhitchini, Lufeyo anatsegula kabati n'kutulutsa kabuku ka kuchipatala ka akazi ake. Tsamba lomaliza linati makilo 43. Anabwerera m'mbuyo, 47, 52, 58, manambala akukwera pamene masamba akubwerera, mpaka tsamba loyamba, tsiku limene anapita kukadandaula za kachifuwa chabe. Pamenepo panali 64. Anakumbuka kuti tsiku limenelo anawaseka kuti akudya ndalama za matayala, iwo n'kumumenya ndi kabukuko paphewa.

"Adadi," Sungeni anaitana ali pakhomo la chipinda, "chitenje cha amayi cha maluwa obiriwira chija mwachiona? Ndinachichapa dzana n'kuchipinda m'sutikesi, ndimati ndidzaberekere mwana. Palibe."

"Fufuza bwino, mwanawe. M'nyumba muno mulibe wakuba."

M'mawa mwake anadzuka chifunga chisanachoke paphiri. Kagalimoto kanali konyowa ndi mame, magalasi onse oyera mbuu kunja kwake. Anapukuta la kumanzere ndi mkono wa juzi. Chitenje chinali mkati, pampando, galimoto ili yokhoma ndipo kiyi anagona m'thumba la buluku lake. Sichinagwe monga nsalu imagwera pampando wopanda munthu. Ndipo mkati mwa galasilo, cha pamwamba, panali kadontho ka nthunzi kakakulu ngati chikhatho cha mwana. Kankakula pang'ono, n'kuchepa. Kukula, n'kuchepa.

Apa mukuganiza kuti Lufeyo anathawa, kapena anathamangira kwa abusa. Inu simunafedwepo. Lufeyo anaima pamenepo mpaka zala zinachita dzanzi, misozi ikutsika, ndipo chimene chinali mumtima mwake chinali chimwemwe. Anasangalala ngati munthu amene wapeza ndalama m'thumba la jekete yakale, kungoti izi zinali zoposa ndalama zonse za m'boma la Dedza. Anazungulira, analowa mbali yake, n'kukhala. Munali kafungo ka mafuta a gilisalini amene aNachisale ankadzola m'manja nthawi yozizira.

"Mwabwera onenepa," anatero chapansipansi. "Mwachita bwino."

Palibe anayankha. Iye sanadandaule nazo.

Kuyambira tsiku limenelo galaja inayamba kutsekedwa folo koloko. Lufeyo ankaliza galimoto n'kutsika nayo msewu wa ku Ntcheu, pang'onopang'ono, mpaka pa mphambano ya ku Bembeke, n'kubwerera. Njira yonse ankasimba nkhani. Ankanena za mimba ya Sungeni, za mtengo wa mapichesi umene unabereka koyamba, za mphunzitsi watsopano amene ana sakumukonda, za bondo lake. Pa mabampu ankachepetsa liwiro mpaka oyenda pa njinga kumupitirira. Ife anzake tinkaona munthu akubwerera m'thupi, akumeta ndevu, akuimba mluzu, ndipo tinkanong'onezana kuti mwina kwapezeka mayi wina ku Bembeke.

Koma kanyali kanali chiyakire, ndipo masiku a Sungeni ankayandikira. Lufeyo ankadziwa bwino lomwe kuti kanyaliko sikazima pampando pali makilo 64, ndiponso kuti kakamayaka ndiye kuti m'galimoto monse mulibe thumba limene lingafufume. Sungeni atafunsa, anamuuza kuti akudikira chipangizo chochokera ku Lilongwe. Atafunsanso, anati chabwera cholakwika. Kachitatu, munthu uja, Lufeyo Kamtedza yemweyo, wolalikira makasitomala mpaka kuwatopetsa, anadula kachidutswa ka tepi yakuda n'kumata pa kanyaliko. Ine ndimamukonda Lufeyo, koma apa anachita zamanyazi, ndipo iye mwini amavomera.

"Chatheka," anauza mwana wake.

"Ndiye mawa mundiperekeze ku sikelo, miyendo yatupa."

M'mawa mwake Sungeni anafika pagalimoto n'kugwira chitseko cha kutsogolo.

"Kumbuyo!" Lufeyo anakuwa, mawu amene sanamukuwirepo chibadwire. Sungeni anachotsa dzanja ngati wagwira mbaula. Anasuzumira pagalasi, anaona chitenje chija, anayang'ana bambo ake. Anakhala kumbuyo, manja atagwira mimba, ndipo ulendo wonse maso ake sanachoke pa mpando wogona chambuyowo. Pobwerera anati akwera kabaza.

Pakadafunda padajiwitsa galu, koma uzani munthu amene wafundidwa kumene muone ngati amva. Lufeyo anapitiriza maulendo ake. Akulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kwa iye mlendoyo anali mayi wina amene anamupeza Lachinayi madzulo ataima pa mphambano ya ku Bembeke, dengu la mbatatesi pambali, kamvula ka chiperoni kakumunyowetsa. Lufeyo sankanyamula anthu masiku amenewo, koma anadziwa kuti aNachisale sakanalola kumupitirira munthu pamvula. Anaima.

Mayiyo anatsegula chitseko cha kutsogolo, n'kubwerera m'mbuyo msanga.

"Ii, pepani, sindinaone," ananong'ona. Anatseka mosamala, anaika dengu kumbuyo, n'kukhala pambali pake. "Zikomo bambo. Ndikatsika pa msika."

Lufeyo anagwira chiwongolero ndi manja onse. Mayiyo ankayankhula monong'ona njira yonse, za mitengo ya feteleza, za mvula yosadziwa nyengo. Atafika pa msika anatsitsa dengu lake, n'kubwera pa windo la Lufeyo akumanga chitenje.

"Mwachokera nawo kutali mayiwa?"

"Eya," anatero Lufeyo. "Kutali."

"Akuoneka. Atopatu, bambo. Khosi lachita kupindika, mpaka ine kumva kuwawa. Tulo ta pampando si tulo. Mukafika akagone pabwino." Anasenza dengu, n'kutembenukanso. "Komatu muziwayankha. Akufunsani kawiri konse."

"Afunsa chiyani?"

"Ngati mwafika. Atsegula maso pa mabampu paja, n'kuti, 'Bambo a Sungeni, tafika?' Inu zii. Ndiye agonanso. Amuna inu, mukagwira chiwongolero makutu amatseka."

Anaseka, n'kulowa mumsika. Lufeyo anamufunafuna masiku otsatira pakati pa ogulitsa mbatatesi, koma palibe anamudziwa. Ena amati anali mayi wamba wa maso openya, ena amanena zina. Ine sindinamuone, ndiye sindiikapo mlomo.

Chimene ndikudziwa n'chakuti Lufeyo anakhala m'galimoto pamsikapo mpaka ogulitsa anayamba kulongedza. Iye ankayesa kuti akazi ake abwerera kwa iye chifukwa cha chikondi. Tsopano anaona kuti sanabwerere, chifukwa sanachoke n'komwe. Anamwino ananyamula thupi, a Filimoni anauza bokosi milatho yonse, anthu anaimba, anakwirira, anameta. Koma mwini wake anali atagona ndi lonjezo lakuti adzutsidwa akafika, ndipo wolonjezayo anakhala pansi pa simenti osanena kanthu. Miyezi khumi ndi umodzi pansi pa lona, mumdima. Kenako milungu itatu akuzunguliridwa nawo msewu wa ku Bembeke, akufunsa, iye ali kalikiliki kusimba za mapichesi.

Kunyumba anapeza Sungeni akusoka kamalaya. Anakhala pampando woyang'anana naye n'kumuuza zonse, kuyambira pa Linthipe mpaka pa tepi yakuda. Sungeni anamvetsera singano ili m'manja.

"Chaka chathunthu, adadi? Ali pampando?"

"Sindinadziwe, mwanawe."

"Nanga mutadziwa?"

Lufeyo anayang'ana pansi. "Ndikawadzutsa apita. Ndiye nditsala ndi chiyani? Ndinawaika m'manda kamodzi. Ukufuna ndiwaikenso?"

Sungeni anayamba kulira. "Inenso ndikuwafuna. Ndimafuna adzandigwire dzanja tsiku langa likafika. Koma amayi sanagonepo masana chikhalire chawo, inu mukudziwa. Ankati tulo ta masana n'ta alesi. Ngati akugonabe mpaka lero, n'chifukwa choti akukukhulupirirani."

Loweruka m'mawa, dzuwa litangotuluka, Lufeyo anavala jekete ya kutchalitchi. Anaimbira foni a Filimoni kuti akubwera ndi mlendo, amudikire pakhomo. Sungeni anafuna kupita nawo, iye anakana. Anakanda tepi ija ndi chikhadabo mpaka inachoka, n'kuloza kanyaliko.

"Lamulo langa ulidziwa," anatero.

Analumikiza kamakina ka kompyuta n'kukaika pamiyendo. Kanati 64. Sungeni anaima pa windo la kumanzere, analowetsa chala pa mpata uja, n'kunena kuti, "Muyende bwino, amayi." Kenako anathamangira m'nyumba mmene munthu wa pakati angathamangire.

Ulendo wa ola limodzi Lufeyo anauyenda maola atatu. Pa mlatho woyamba anachepetsa liwiro n'kukonza kukhosi.

"ANachisale, tikuwoloka Linthipe."

Lamba wa kumanzere analira pang'ono, monga amachitira munthu akatembenuka. Pa Chimbiya anaima, anagula chimanga chootcha chiwiri mwa chizolowezi, n'kukhala nacho m'manja mpaka chinazizira. Anauza akazi ake mlatho wa Diamphwe. Anawauza kamtsinje kalikonse, ngakhale timakhwawa touma timene a Filimoni sakanativutikira, chifukwa dzina lililonse linkamupatsa mpata wonenanso kuti "aNachisale". Pa Kamphata, pokhotera ku Nkhoma, anaimika galimoto pambali. Kubwerera kunali kosavuta. Panalibe amene akanamuimba mlandu, tepi ina inali m'thumba la chitseko. Anayang'ana galasi la kumanzere. Kadontho ka nthunzi kanali pomwepo, ngakhale dzuwa linali litakwera, kakukula n'kuchepa mofatsa.

"Takhota," anatero. "Uwu ndi msewu wakwanu."

A Filimoni anali ataima pansi pa mtengo wa mango, pakhomo pa nyumba imene aNachisale anabadwiramo. Anali bambo wamtali, wosakonda zonena zambiri. Anayandikira akumwetulira, anasuzumira kufuna kuona mlendo, anaona chitenje. Kumwetulira kunatha. Anamva zimene Lufeyo anafotokoza mwachidule pa windo, ndipo anavula chipewa.

"Ndiye ine ndinkauza matabwa, alamu?"

"Kulakwa n'kwanga, alamu. Ndine ndinalonjeza."

"Chitani. Ine ndiima apa ndiwalandire."

Lufeyo anazimitsa injini koma anasiya kiyi ali wotembenuza, kuti dashibodi ikhale yoyaka. Anatsika, anazungulira, anatsegula chitseko cha kumanzere mpaka kumapeto. Anagwada pa fumbi monga ankagwadira pofuna pulagi yachikasu. Nkhuku zinkatola pansi. Kwinakwake mtondo unkalira. A Filimoni anadikira, chipewa chili pachifuwa, osamufulumiza.

"Mapichesi aja ndinakuuzani kale," anayamba Lufeyo. "Sungeni ali bwino. Ine ndizidya, musade nkhawa. Ndachedwa, mundikhululukire." Anapuma. "ANachisale. Dzukani. Tafika."

Kenako mpando unayamba kudzuka, kha, kha, kha, dzino limodzilimodzi, mpaka unaima chilili. Panamveka kupuma kwakutali, kwa munthu amene wagona mokwanira. Lufeyo anamva kamphepo kofunda kakudutsa pa tsaya lake, ndi kafungo ka gilisalini, ndipo kanachedwa pamenepo pang'ono. Galimoto inanyamuka pang'ono mbali ya kumanzere, monga imachitira munthu akatsika. Nkhuku zimene zinali pakati pa galimoto ndi khonde zinapatuka, zina uku zina uko, popanda wozipirikitsa.

"Takulandirani, chemwali," anatero a Filimoni. "Lowani."

Lufeyo atakweza maso, chitenje chinali pampando, chopindidwa kanayi, m'mphepete mwake molingana bwino, mmene aNachisale okha ankapindira. Kamakina kanati ziro. Anadina batani lija, ndipo ntchito ya mphindi imodzi inatenga mphindi imodzi. Anabweza kiyi, anamutembenuzanso. Kanyali kanayaka, iye anawerenga mpaka sikisi, kanazima.

Pa ntchito zonse zimene anagwirapo, imeneyi ndi yokhayo imene anaimaliza n'kulira ngati mwana, mutu uli pachiwongolero, mlamu wake atamugwira phewa.

Patapita masiku asanu ndi anayi, Sungeni anakhala pampando wa kumanzere, lamba atamanga pansi pa mimba, dashibodi ili yoyera, ndipo anafika bwino ku chipatala. Mwana anali wamkazi. Anatuluka m'chipatala atakulungidwa m'chitenje cha maluwa obiriwira.

Makala akutha, ndimalize. Lufeyo akadalipo, galaja ikadali yomweyo, ulaliki wa tepi yakuda unawonjezeka ukali. Kagalimoto kaja kalibe vuto lililonse, mpando wake umaima chilili, galasi limatseka mpaka pamwamba. Koma mukadzadutsa pakhomo pake m'mawa, mudzamuona atakhala mkati, injini isanalire. Amatembenuza kiyi, kanyali kofiira kamayaka masekondi ake asanu ndi limodzi, ndipo milomo yake imagwedezeka. Amati, "Mwadzuka bwanji, aNachisale." Kanyaliko kamazima, monga kayenera kuchitira m'galimoto yabwinobwino. Iye amabweza kiyi, n'kumutembenuzanso.

Tikamufunsa amati akuyesa batire. Ife timavomera kuti eya, batire za masiku ano n'zosadalirika.